Mathireyi a ku Chipata

Kutentha kwa m'chigwa muno sikusunga dzira, ana inu. Mukalizengereza, mulitayira agalu. N'chifukwa chake amayi oweta nkhuku za mazira ku Jumbe ankayamba amva za msika wa ku Chipata asanapakire katundu.

Mkulu wa gulu lawo, Amake Doris, ankauopa msewu ngati njoka. Chiwadyereni njovu chimanga chonse, nkhuku ndizo zinali munda wawo wotsala. Makutu awo a m'tauni anali mlamu wawo Cosmas, kondakitala wa minibasi.

"Alamu, musadzivute," anatero Cosmas tsiku lina, mutu uli kunja kwa windo. "Mazira adzaza m'tauni. Mathireyi aunjikana pakhomo pa shopu iliyonse mpaka kudenga. Mukapita nawo, mubwerera nawo."

Tabeth, mayi wamng'ono pagulupo, anagwira m'chiuno. "Munalowamo m'shopumo, a Cosmas? Munanyamulako thireyi imodzi?"

"Iwe, ndisiye basi ndi anthu kukasuzumira mazira? Ndili ndi maso ine!"

"Maso a pawindo amenewo."

Amake Doris anakwiya. "Mlamu wanga sanama. Wofuna kukaswa mazira pamabampu apite yekha."

Anadikira kuti msika upepuke. Mazira anayamba kununkha, chakudya cha nkhuku chinatha m'thumba. Pomaliza Amake Doris anaitana wophika wa ku loji ina, nkhuku zawo zonse zinapita zitamangidwa miyendo.

Tabeth sanamve za munthu. "Akasweka, asweke ndikuona," anatero, nakwera basi ya Cosmas yemweyo, mathireyi ali pamiyendo. Atafika ku Chipata, mwini shopu ina anachita kumuthamangira.

"Mayi, munali kuti? Lole ya mazira sinabwere mwezi uno!"

Tabeth ananyamula thireyi imodzi pamulu wa pakhomo pa shopuyo. Inali yopepuka ngati tsamba. Mulu wonsewo unali wopanda dzira ndi limodzi lomwe, ukudikira wodzaudzaza.

Anabwerera ndi mawu akuti mashopu atatu akufuna mazira a gulu lonse sabata iliyonse. Amayi a gululo anaika lamulo: wokanena za msika alowe m'shopu, anyamule thireyi, afunse mwini wake, ndipo azipita mosinthana.

Amake Doris anamva zonsezi ataima pakhomo pa khola lawo. Munatsala nthenga zokha.

Ndimakuchenjezani, ana inu, makutu sabwereka. Akulu sananame: kandimverere anakanena za m'maluwa.