Zilembo Ziwiri Zosaoneka za a Phirun

Khalani chete ana inu, nkhani iyi siyoseketsa. Kale makompyuta ankadziwa zilembo za azungu zokha. Tsiku lina anthu oyang'anira makinawo, kutsidya kwa nyanja uko, analengeza kuti mtundu uliwonse utumize zilembo zake. Koma anachenjeza kuti chilembo chikalowa chalowa, sichichotsedwa ndipo sichikonzedwanso.

Ku Kambodiya, dziko la anthu otchedwa Akhmer, kunali mkulu wina, a Phirun, katswiri wolemba pa masamba a mgwalangwa. Kalembedwe kake nkodabwitsa. Munthu amakanda tsambalo ndi kachitsulo kosongoka, koma zokandazo sizioneka mpaka atapakapo mwaye wosakaniza ndi mafuta.

A Phirun anali ndi mng'ono wawo, Kosal, amene anakulira m'tauni ndipo ankadziwa makina. Ndiye anatumidwa kudzajambula zilembozo. Anafika atavala taye, maso ali pa wotchi ngati wasiya mkaka pamoto.

A Phirun anakondwa kwambiri. Pa zilembo za liwu, zija zimakhala pamwamba, pansi kapena pambali pa zinzake kuti mawu amveke, panali ziwiri zakalekale zimene anaphunzira kwa malemu bambo awo. Wozidziwa anatsala iwo okha, ndipo ankaopa kupita nazo kumanda. Anakanda zilembo zonse, chilichonse ndi nambala yake pambali, nayamba kupaka. Atapaka nambala ziwiri zomaliza, mwaye unatha, zilembo za bambo awo zisanade.

"Dikira mpaka mawa," anatero a Phirun. "Ndifukize nyale, ndipeze mwaye wina."

"Achimwene, mawa ndiye tsiku lotseka. Pakani makala basi, chavuta n'chiyani?"

"Makala amatseka mizere. Bambo akanakuwomba khofi ukanalankhula zimenezi pamaso pawo."

"Bambo anapita, achimwene. Dziko silidikira utsi wa nyale yanu."

Mawuwo anawalasa a Phirun, koma anapita kuseri kukayatsa nyale. Pobwerera anapeza tsamba lili pamkeka pomwe analisiya, Kosal palibe. Anali atajambula n'kuthamanga kukakwera basi, osatsanzika n'komwe.

Chithunzi chitafika kutsidya, oyang'anira makina aja anaona nambala ziwiri, pambali pake pali mbee. Kodi anafunsa? Ayi ndithu, wophunzira kwambiri kufunsa amachita nako manyazi. Anagwedezerana mitu nati, "Anthu amenewa ali ndi zilembo ziwiri zosaoneka." Anazilowetsa momwemo, natseka.

Patatha chaka Kosal anabwera ndi kompyuta kudzaonetsa ntchito yake. A Phirun anayang'ana zilembo zikutuluka chimodzichimodzi. Atafika pa ziwiri zija anadina, osaona kanthu. Anadinanso mwamphamvu mpaka chala kuwawa.

"Zili kuti za bambo?"

"Malo ake alipo, achimwene."

"Sindikufunsa malo. Uwauze akonze. Tsamba ili apa, ndinalipaka m'mawa mwake momwe."

Kosal anayang'ana pansi. "Sizikonzedwa. Lamulo lake ndi limenelo."

A Phirun sanakalipe. Chinawawawa koposa n'chakuti tsiku limodzi lokha likanakwana, ndipo wowamana tsikulo anali mwana wa mayi awo. Anakulunga tsamba lija, naliika kudenga, osagwiranso kachitsulo mpaka imfa yawo. Chiswe nacho sichinachedwe, chinadya tsambalo lonse.

Ndiye mukadzamva kuti m'makompyuta, pakati pa zilembo za Akhmer, muli malo awiri amene ukadina sipatuluka kanthu, dziwani kuti chiyambi chake n'chimenechi. Kosal anakhala ndi moyo mpaka imvi, ndipo ophunzira ankabwera kudzamufunsa kuti, "Agogo, inu munaligwira tsambalo, zilembozo zinkaoneka bwanji?" Akanadziwa bwanji? Tsiku lija anayang'ana wotchi kambirimbiri, koma tsambalo sanaliyang'ane.