Mchenga Wovina pa Chitsulo

Kalekale, m'mphepete mwa dambo lalikulu la mabango, munkakhala wosula zitsulo, a Mkwezalamba, ndi ana awo atatu: Gwaza, Lipenga ndi mlongo wawo Nasuluma. Nyundo inali imodzi, ndipo wodzailandira ndiye wodzalowa ntchitoyo. Gwaza, mwana woyamba, ankaiwerengera kwambiri, moti mng'ono wake akangoyamikiridwa, iye mutu unkamuwawa.

Tsiku lina bambowo anapita pabwato kukaonjola miono, nkhungu n'kugwa, iwo osabwerera. Anthu anakuwa mpaka mawu kusasa, koma mabango ankangowameza. Anawo anapangana zosula chitsulo cholira ngati belu, choti bambo alondole kumudzi.

Gwaza anachisula mpaka chinapyapyala ngati lichero, n'kuchiboola m'mphepete, n'kuchipachika ndi chingwe. Atachimenya chinangoti phu, osalira.

Lipenga, amene Gwaza ankamuti waulesi, anachijambula paphulusa n'kuyamba kulingalira. Anati chitsulo chimalira chifukwa chimanjenjemera, tsono chingwe chagwira pomwe chimanjenjemera kwambiri. Payenera kukhala pena pamene pamakhala phe kwina kukugwedera, koma iye sanapadziwe.

Nasuluma anachisanjika pa zitsononkho, anawazapo mchenga, n'kumachigogoda pang'onopang'ono. Mchengawo unavina, unathawa pogwedera ponse, n'kudziunjika m'mizere. Iye anaboola pamzere. Atachipachika chinalira bwino, kungoti dzanja lake linali lochepa mphamvu, moti kulirako sikunapite patali.

Anthu anayamba kutama awiriwo, Gwaza osamutchula n'komwe. Nsanje inamulowa mpaka anaiwala za bambo ake.

"Thukuta langa, ulemu wanu?" anatero. "Ndichiswa chimenechi, tione ngati mchenga wanuwo ungasule china."

Anachimenya ndi ukali wake wonse, mobwerezabwereza, kuti ching'ambike. Chitsulo sichinang'ambike. Chinalira mpaka mkati mwa dambo, ndipo bambowo, atafookeratu ndi njala, anapalasa molondola kulirako n'kutulukira padooko.

Atachira anati tsopano akalamba, ndipo nyundo aipereka kwa amene anawapulumutsa. Gwaza anatambasuliratu dzanja, akuti wosula ndi iye, womenya ndi iyenso. Lipenga anati popanda maganizo ake bwenzi chikungoti phu mpaka lero.

"Malo oboola ndinawapeza ndine," anatero Nasuluma. "Ndipo achimwene ankafuna kuchiswa, inu mukadali m'mabango."

A Mkwezalamba anangoyang'ana pansi, nyundo ili pamiyendo.

Tsono inu mwamva zonsezi, tiuzeni: nyundoyo ipite kwa amene anaganiza, kwa amene anayeza, kapena kwa amene anapulumutsa bambo ake pofuna kuwononga?