Telala Amene Anaika Laibulale M'thumba

Panali munthu wina pa boma lina, dzina lake Kamwendo. Ntchito yake inali utelala, koma anthu ankamudziwa ndi kuwerenga kuposa kusoka. Makasitomala akasowa, ankafunditsa makina nsalu n'kutsegula buku. Mabukuwo ankabwereka ku laibulale ya pabomapo, kanyumba ka njerwa zootcha kamene aliyense ankalowamo osalipira kanthu.

M'laibulalemo munali kabuku kena kamene telalayo anakapereka yekha. Mayi ake anali mphunzitsi, ndipo ali moyo anatolera nyimbo zotonthozera ana m'midzi ya kwawo, amishoni n'kuzisindikiza. Makope ena onse anatha kalekale, ena ndi chiswe, ena posamuka. Mayiwo atamwalira, iye anati, "Kwanga kuno kuli ana ndi makoswe. Kameneka kakakhale kumene mabuku amasamalidwa." Ndipo kanakhaladi kumeneko bwinobwino zaka zambiri.

Kenaka kunabwera amalonda obwereketsa mabuku pafoni. Ukalipira pamwezi, buku linkakupeza lokha uli khale pampando. Tisaname, zinali zokoma. Telala uja anawerenga mabuku amene sanawalotepo n'komwe, ndipo njira ya ku laibulale anaiiwala. Anzake a mafoni apamwamba anatsata mapazi ake.

Chaka china denga la laibulale linayamba kudontha. Akhonsolo anaitanitsa msonkhano kuti anthu asankhe: akonze dengalo, kapena nyumbayo aipereke kwa wogulitsa simenti amene ankaifuna. Anthu anakangana mpaka dzuwa kupendeka. Mukudziwa mmene timachitira pa misonkhano yathu. Nkhani ikatikanika timatembenukira kwa amene timamuyesa katswiri, ndipo chimene wanena timachiombera m'manja tisanachitafune.

"A Kamwendo," anatero wapampando, "owerenga pano ndinu. Mukuti bwanji?"

Telala anaimirira, natulutsa foni m'thumba la malaya, naikweza m'mwamba kuti onse aione.

"Laibulale masiku ano ili umu," anatero. "Ndipo muno simudontha."

Anthu anafa nacho chiseko, m'manja mukulira. Mayi woyang'anira laibulale anayesa kunena za ophunzira ndi ena opanda mafoni, koma mawu ake anamira m'phokoso. Nkhani inathera pomwepo.

Potuluka, mayiyo anamuimitsa pakhomo. "Bambo, kabuku ka amayi anu kaja mudzakatenge tisanatseke."

"Ndibwera, mayi," anayankha telala. Koma mumtima anati, amalonda aja ali ndi mabuku a dziko lonse, angasowe kameneka? Sanafufuze n'komwe. Inali nyengo yosoka mayunifolomu, ntchito inali thoo, ndipo mawa linabala mawa linzake. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Patapita nthawi, mwana wake wamkazi anachira mwana woyamba. Khandalo linali lolira kwabasi. Tsiku lina masana, atalephera kulitonthoza, anafunsa bambo ake, "Ababa, nyimbo ija agogo ankatiimbira tikamavuta, mawu ake amati bwanji?"

Telala anatsegula pakamwa. Chuni chinabwera, koma mawu anakana.

"Dikira, ndikupezera pompano," anatero, akutenga foni. Analemba dzina la mayi ake, palibe. Analemba mutu wa kabuku kaja, palibe. Atafunsa kwa eni malondawo, anamuyankha mwaulemu kuti iwo amasunga mabuku amene anthu ambiri amawafuna, ndipo limeneli sanalimvepo. Sanamunamize, ndiponso sanamubere kanthu. Wamalonda amaika pashelefu chimene chikuyenda malonda.

Apa telala anadzambatuka. Anathamangira kumene kunali laibulale kuja, napeza matumba a simenti mpaka kudenga. Wogulitsa m'sitolomo anamuuza kuti mayi woyang'anira uja akuluakulu ake anamusamutsira ku boma lina asanalongedze mabuku. Mabuku ooneka bwino anapita kumzinda. Akale ndi othothoka anatengedwa ndi amayi apamsika kuti azikulungira malonda.

Telala anapita kumsika. Anayenda benchi ndi benchi, maso ali pa mapepala, osati pa malonda. Amayi ena anayamba kumuseka. "Achimwene, mukufuna mandazi kapena pepala?" Iye anangopitiriza kufunafuna. Manyazi anali atamuthera.

Kumapeto kwa msika, kwa mayi wina wogulitsa zitumbuwa, anaona chikuto chimene ankachidziwa. Anachitola n'kuchitsegula. M'kati munali mutatsala tsamba limodzi lokha, long'ambika pakati kuchokera pamwamba mpaka pansi, lonyowa ndi mafuta.

"Ena aja ali kuti, mayi?"

"Anapita ndi ogula, bambo. Mapepala ake anali abwino, sankabooka msanga."

Sanamukalipire mayiyo, pakuti analibe mlandu. Anapempha tsambalo n'kubwerera kwawo mwakachetechete. Nyimbo imene inalipo sinali n'komwe imene mwana wake ankafuna, koma inali ya mayi ake ndithu. Ananyamula mdzukulu wake nayamba kuimba. Mzere uliwonse unkayamba bwino n'kudukira panjira, iye n'kumalizitsa ndi kung'ung'udza. Misozi inamutsika, pakuti anadziwa kuti panalibenso kwina kokafunsa.

"Nanga kwinako, ababa?" anafunsa mwana wake.

"Kwinako ndinataya ndine, mwanangu. Ndinataya pamaso pa anthu, iwo akundiombera m'manja."

Inu amene mukundimva, sindikuti mutaye mafoni anu. Werengani, ndipo muwerenge kwambiri. Koma dziwani kuti wamalonda ndi mlendo, ndipo mlendo ndi mame. Iye amasunga chimene chikugulidwa lero. Nyumba ya tonse imasunga ngakhale chimene adzachifune munthu mmodzi yekha, mwina amene sanabadwe n'komwe. Ikayamba kudontha musaiseke. Itsekedwa ndi pakamwa pa ife amene tinaphunziriramo kuwerenga, ndipo chimene chidzatayike mmenemo simudzachigula kwa wina aliyense.