Ndani Anapha Mango a Nangozo?

Kalekale ndithu, msewu usanafike kuseri kwa phiri, kunali mayi wina wamasiye dzina lake Nangozo. Chuma chake chinali ana awiri ndi mtengo umodzi wa mango kuseri kwa nkhokwe. Musauderere mtengowo. Chimanga chikatha mu Disembala, banjalo linkaphika mango aawisi mpaka kufika nthawi ya mondokwa.

Mwana wake wamkulu, Ndaziona, wa zaka zisanu ndi zitatu, anali wa mafunso osatha, moti akuluakulu akamuona akubwera ankakumbukira mwadzidzidzi ntchito zimene anasiya. Mtengo umadya chiyani? Nanga umafa bwanji?

Malume ake, a Msosa, anamuyankha akukhomera khasu mumpini. "Mwanawe, moyo wa mtengo uli kumizu. Mizu ikakhala bwino, mtengo sufa." Mwana anasunga mawuwo.

Aphunzitsi ake, a Kalitsiro, anati masamba ndiwo amaphikira mtengo chakudya pogwiritsa ntchito dzuwa. Ndaziona anakweza dzanja. "Nanga chakudyacho chimadzera pati popita kumizu?" Belu linalira. "Mawa," anatero aphunzitsi. Mawa lakelo anaphunzitsa masamu.

Nangozo ndiye ankalidziwa yankho lonse. Mwana akamatsokomola, iye ankasenda kakhungwa ka mango aja kumbali ya kum'mawa, kena kumadzulo, n'kumata dothi pabalapo, n'kukawiritsa. Ankadziwa bwinobwino kuti chakudya cha mtengo chimatsikira m'khungwa, ndipo ukalisenda kuzungulira wautseka pakhosi. Tsiku lina Ndaziona anafunsa, "Amayi, bwanji mumasenda mbali ziwiri zokha?" Nangozo anali atatopa ndi kumunda, msana ukuwawa. "Ndi mmene timachitira. Tagwira mbale, usandisokose."

Ndiye tsiku lina Nangozo ali kumaliro kumudzi wina, malume ali kudimba, chifuwa chinamugwira Lonjezo, wamng'ono uja, mpaka kubanika. Ndaziona anatenga mpeni pa tsindwi. Mumtima anati matenda aakulu amafuna mankhwala ambiri. Anasenda khungwa kuzungulira thunthu lonse, namata dothi mosamala monga amachitira amake, nawiritsa. Lonjezo anachira. Kaya ndi makungwawo, kaya ndi chisomo cha Mulungu, ine sindikudziwa.

Nangozo atabwera n'kuona lamba wa dothi atazungulira mtengo, anadziwa chimene chachitika. Asanatsegule pakamwa, mwana anamuthamangira nkhope ili ngwee.

"Amayi, ndachiritsa Lonjezo! Mizu sindinaikhudze, masambanso sindinawakhudze."

Nangozo anati, "Wachita bwino, mwana wanga." Ananena zimenezo mtima ukumupweteka, chifukwa ankaona kale njala ikubwera.

Mtengo sufa tsiku limodzi. Unakhala wobiriwira miyezi ingapo, kenaka masamba anachita chikasu, nayamba kuyoyoka. Disembala atafika, nkhokwe inali mbee, mtengo uli gwa. Lonjezo anawonda mpaka nthiti kuwerengeka. Koma chimene chinkamudya kwambiri Nangozo chinali kuona Ndaziona m'mawa uliwonse akutsika kuchitsime ndi kandowa, kudzathirira mtengo wakufa, iyeyo m'mimba muli pululu.

Nangozo anakadandaula kwa mlongo wake, malume aja, za mawu awo a mizu. A Msosa anagwedeza mutu. "Ine ndinanena zimene ndimadziwa. Mpeni sindinamupatse ndine."

Anakafikanso kusukulu. A Kalitsiro anayang'ana pansi. "Mayi, ana ndili nawo makumi asanu ndi limodzi. Phunzirolo tikanafikapo."

Pobwerera, Nangozo anadzifunsa yekha njira yonse, ndipo yankho limene ankalipeza silinkamusangalatsa. Atafika pakhomo anapeza Ndaziona atakhala patsinde pa mango aja, kandowa kali pambali, m'manja muli nthanga imodzi imene anatola kwa anansi.

"Amayi, ndikufuna kudzala wina. Koma mundiuze kaye chimene chapha uwu, kuti chisadzaphenso wanga."

Nangozo anayang'ana nthangayo. Akanena zoona, mwana adziwa kuti njala ya m'nyumbamo yatuluka m'manja mwake momwe, tsiku lomwe ankapulumutsa Lonjezo. Akabisa, ndiye kuti wamumananso yankho kachiwiri, ndipo mpeni ukadali pomwepo pa tsindwi.

Tsono inu mwamva nkhaniyi, tandiuzani. Mango a Nangozo anaphedwa ndi ndani: malume amene anapereka theka la yankho ngati lathunthu, aphunzitsi amene anati mawa, mayi amene ankadziwa koma anatopa, kapena kamwana kamene kanagwira mpeni? Ndipo mukanakhala Nangozo, mwanayo akukuyang'anani m'maso, mukanamuyankha kuti chiyani?