Wotchi Imene Inalira Maliro

Kalekale, ndikatero inu muziti tili tonse, kunali mudzi pansi pa phiri la miyala yofiira. Anthu ake anali alimi, koma alimi opupuluma. Kamvula kakangowaza, iwo makasu m'manja, mbewu m'nthaka. Kenaka dzuwa linkabwerera ndi ukali, mbewu n'kupsera m'mapando. Mvula yonyenga ija, ya chizimalupsa, inawapusitsa chaka china, inawapusitsanso chinzake, inawapusitsa mpaka njala inazolowera njira ya m'mudzimo.

M'mudzi momwemo munali mmisiri wosula zitsulo, dzina lake Kamtedza, ndi mkazi wake Nakwenda. Kamtedza anali ndi manja aluso, koma maso ake moto wa pachipala unali utawafoola. Nakwenda ankatsimphina mwendo wamanzere, duku lake ankamanga mopendekeka, koma maso ake ankaona kutali.

Tsiku lina Kamtedza anafunsa mkazi wake, "Nakwenda, kodi kumwambaku kumanama?"

"Sikunama ayi, bambo. Yonama ndi mitambo. Nsangwe mukuidziwa, kagulu ka nyenyezi kothinana ngati anapiye kaja? Ikatuluka kum'mawa dzuwa likungolowa kumene, mvula yogwa pamenepo ndiyo yodzalira."

"Nanga anthuwa osayang'ana bwanji?"

"Makosi, bambo. Anazolowera kuwerama."

"Basi," anatero Kamtedza. "Ngati sayang'ana kumwamba, ndiwatsitsira kumwambako pansi pano."

Nakwenda anaseka mpaka kugwira nthiti. Koma m'mawa mwake anapeza mwamuna wake akusinthanitsa makasu ndi mkuwa kwa amalonda apaulendo.

Ntchito inayamba motero. Mkazi ankayang'ana, mwamuna ankasula. Nakwenda ankayima pachulu dzuwa likamalowa ndi likamatuluka, dzanja pamphumi, n'kubwera kudzanena zomwe waona. Kamtedza ankasula magudumu a mkuwa n'kumawapala mano m'mbali, dzino ndi dzino. Dzino likakula pang'ono, mwezi wake wa mkuwa unkatsalira m'mbuyo mwa mwezi weniweni. Likachepa pang'ono, unkathamanga. Nakwenda akangoti, "Bambo, mwezi wanu wafulumira," iye ankasungunula gudumu lonse n'kuyambiranso, akung'ung'udza. Anasula, anasungunula, anasulanso, mpaka onse awiri anamera imvi.

Ha, abale anga, chimene chinatuluka pamenepo! Inu lero mungati wotchi. Iwo anachitcha Kathambo, chifukwa linali thambo lonse lotsekeredwa m'kanyumba pabwalo. Kutsogolo kwake kunali chimbale chakuda, chachikulu kuposa chitseko. Pachimbalepo pankayenda dzuwa la mkuwa, kutuluka, kukwera, kulowa. Pankayenda mwezi, kampira koyera mbali ina, kakuda mbali ina, kotembenuka pang'onopang'ono: wa kumwamba ukakhala kachidutswa, uwunso kachidutswa, wa kumwamba ukakhwima, uwunso wakhwima. Pankayendanso Nsangwe ya mikanda yoyera, yoyenda mochedwa kotero kuti diso silinkaona.

M'kati munali magudumu atatu aakulu, mano ake olumana. La dzuwa linkazungulira tsiku lililonse n'kukankha la mwezi. La mwezi linkakankha la Nsangwe, limene linkatha chaka kuti lizungulire kamodzi. Chokoka zonsezi chinali chimwala cholendewera pachingwe cha chikopa, chotsika pang'onopang'ono. M'mawa uliwonse anthu ankachikwezanso m'mwamba. Kuti chimwalacho chisangogwa, panali kalilime kachitsulo kogwira dzino n'kulitaya, kugwira lina n'kulitaya. Ke, te, ke, te. Ndipo pamwamba penipeni panali kakhomo kotseguka kamodzi pachaka, Nsangwe ikafika pamalo pake. Kakhasu ka mkuwa kankatuluka n'kumenya belu. Belu ameneyo ndiye ankati: dzalani.

Alendo ankachokera kutsidya kwa mitsinje kudzaona. Ena ankavula zipewa, ena ankagwada, ena ankasuzumira kuseri kuti aone munthu amene wabisala m'katimo. Chizimalupsa sichinapusitsenso munthu, ndipo nkhokwe zinadzaza. Koma mverani izi. Kuyambira pamenepo, wofuna kudziwa za mwezi ankapita pabwalo, mwezi weniweniwo uli pamutu pake penipeni. Makosi aja anaumiratu.

Chaka china kunagwa dzombe, linadya minda mpaka mapesi. Mbewu yotsala anaisonkhanitsa m'nkhokwe imodzi, anaimata ndi dothi, n'kuipereka m'manja mwa Pindani, mlongo wake wa Nakwenda, amene ankayang'anira mbumba. Anapangana kuti nkhokweyo isatsegulidwe kufikira belu atalira. Mbewu ina kunalibe. Imeneyo ikanatayika, mudzi ukanabalalika.

Masiku amenewo Kamtedza anali atafooka, komabe ankadzitsekera m'chipala, akupala kanthu kakang'ono. Mkazi wake akalowa, iye n'kukabisa m'chikhatho.

"Mukubisa chiyani, bambo? Ndolo za mkazi wina?"

"Za mkazi ndithu," anayankha Kamtedza. "Mudzamuona mvula ikadzagwa."

Mvulayo iye sanaione. Anamwalira m'nyengo yachisanu.

Tsono mwambo wa kumeneko unali wakuti pamudzi pakagwa maliro, ntchito yonse imayima. Khasu sililima, mtondo sulira, nyundo sigunda. Mudzi wonse unangoti zii. Koma pabwalo, ke, te, ke, te. Nakwenda ali m'siwa ankamva, ndipo kugunda kulikonse kunkamulasa mumtima. Anaitana mlongo wake.

"Achimwene, mukumva? Mtima wa mwini wake waleka kugunda. Nanga Kathambo kakugundiranji?"

"N'zoona, mlongo wanga. Kamtedza ndiye anakabala. Mwana sagwira ntchito bambo wake ali chigonere."

"Kamangeni. Kalire nafe."

Anamanga kalilime kaja ndi luzi, ndipo Kathambo kanakhala chete. Popeza womwalirayo anali munthu wamkulu, maliro ake anawasunga mpaka mwezi wa kumwamba utabwerera pamene unali tsiku limene anatsikira kuli chete. Atameta, anamasula luzi lija dzuwa lili pamutu, monga linalili pomanga. Anayang'ana dzuwa la mkuwa, lili pamutu. Anayang'ana mwezi wa pachimbale, ukufanana ndi wa kumwamba. Anawomba m'manja.

"Onani luso la malemu! Kagona mwezi wathunthu, koma sikanataye kanthu."

Sikanataye kanthu! Anthu inu, Nsangwe ya kumwamba ija inakhala nawo pamaliro? Inayenda ulendo wake osacheuka. Yotsalira inali ya mikanda, ndipo inatsalira ndi mwezi wathunthu. Woyenera kuzindikira anali Nakwenda, koma chiikire mwamuna wake m'manda, iye ankayenda maso ali pansi. Pachulu paja panamera udzu.

Chizimalupsa chinagwa, belu sanalire, anthu anakhala, ndipo anachita bwino. Patapita nthawi kunagwa chimvula, chimvula chenicheni, chonunkhiritsa dothi ndi kudzutsa achule. Anthu anathamangira pabwalo. Kakhomo kali chitsekere. Mikanda ija ikali kutali ndi malo ake.

"Ndi chizimalupsa chinanso," anatero Pindani. "Bwererani, musapupulume ngati makolo anu."

Madzulo a tsiku lachitatu la mvulayo mitambo inang'ambika. Nakwenda anali pakhonde, ndipo ngumbi zinayamba kutuluka pachulu chake chija, kuuluka, kukwera m'mwamba. Maso ake anazitsatira osadziwa. Anakweza mutu koyamba chichitikire maliro. Kumadzulo kunali kukali kofiira, kamwezi kakang'ono kali pomwepo. Anatembenukira kum'mawa. Nsangwe iyo, yatuluka kale, ili phee pamwamba pa phiri.

Anadzambatuka pakhondepo. Anatsimphina mothamanga mpaka kwa mlongo wake, n'kumukokera panja.

"Achimwene, yang'anani uko. Nthawi yodzala yakwana. Tikadikira belu tidzadzala mochedwa ndi mwezi, ndipo mvula idzatha chimanga chisanabereke."

Pindani anakweza mutu movutikira, khosi likuchita kulira. "Nyenyezi ndikuziona zambirimbiri. Nsangwe yake ndi iti? Ine ndinaiwala kalekale." Kenaka anakwinya nkhope. "Mukuti alamu anga akunama ali m'manda?"

"Iwo sananame ayi. Ndine ndinati kamangeni. Tinakakhazika pamaliro, koma kumwamba sikunakhale."

"Mbewu ndi ya mudzi wonse, mlongo wanga. Sindingaitsegule chifukwa cha maso a munthu mmodzi, wamasiye, wolira. Belu alire, nditsegula."

"Ndiye tikabwezere mwezi umene tinakalanda."

Nakwenda anafotokoza. Kalilime kakanyamulidwa, chimwala chitsika msanga ndipo magudumu athamanga. Kutsika kumodzi, tsiku limodzi. Koma chimwalacho chikangopulumuka, mano onse athyoka.

"Akathyoka, wosula wina alipo?" anafunsa Pindani.

"Palibe. Chingwecho ndigwira ndine."

M'mawa mwake mudzi wonse unasonkhana pabwalo. Amuna anakweza chimwala. Pindani ananyamula kalilime. Nakwenda anakulunga chingwe m'zikhatho, anaponda ndi mwendo wake wabwino, n'kuyamba kuchilekerera pang'onopang'ono.

Abale anga, zimene anaona tsiku limenelo palibe anazionapo. Dzuwa la mkuwa linatuluka, linakwera, linalowa munthu asanameze malovu. Anakwezanso chimwala. Linatuluka, linakwera, linalowa. Anakwezanso. Mwezi unayamba kufufuma anthu akuona, unanenepa, unakhwima, unawala mbee masana dzuwa likuswa mtengo. Magudumu ankalira ngati njuchi m'mphako. Ndipo Nsangwe ya mikanda, imene diso linali lisanaionepo ikusuntha, inayamba kukwawa. Amayi anagwira pakamwa. Nkhalamba zinagwada m'matope. Masiku onse amene anakhala akulira aja ankadutsa pamaso pawo, limodzi pambuyo pa linzake, osayima, osafunsa kuti wafa ndani.

Amuna anatopa, analowapo amayi. Amayi anatopa, anabwereranso amuna. Koma chingwe Nakwenda sanapatse munthu. Zikhatho zinatupa, zinasupuka, chingwe chinafiira.

"Mlongo wanga, lekani, mwavulala!"

"Kwezani mwala, achimwene. Mwezi sunafike."

Mwezi unachepa, unafa, chimbale chinada. Kenaka kunatuluka kachidutswa, kofanana ndendende ndi kamene anakaona kumadzulo dzulo lake.

"Basi! Bwezerani kalilime."

Ke, te, ke, te. Maso onse ali pakakhomo. Kakhomo kali chitsekere. Ke, te, ke, te. Wina anatsokomola. Pindani anayang'ana pansi, kuopa nkhope ya mlongo wake. Nakwenda anangoyima, manja ali lende, magazi akudontha. Mantha anamugwira, mantha akuti wapha mudzi ndipo wanyozetsa mwamuna wake.

Pamenepo m'katimo munamveka kuti khethe. Kakhomo kanatseguka.

Sikanatuluke kakhasu ka masiku onse ayi. Kanatuluka kamunthu ka mkuwa, kakatali ngati chala. Kamkazi. Kanayenda motsimphina mwendo wamanzere, duku lili chopendekeka. Kanafika pamphepete, kanayima, kanaika dzanja limodzi pamphumi. Kenaka kanakweza mutu, kanatambasula dzanja linalo, n'kuloza. Sikanaloze magudumu, sikanaloze chimbale, sikanaloze nkhokwe. Kanaloza kumwamba. Belu analira, ndipo anthu onse pabwalopo, osauzidwa ndi munthu, anapezeka atakweza mitu.

Nakwenda yekha ndiye sanayang'ane kumwamba. Anali kuyang'ana kamkazi kaja, misozi ikutsika.

"Bambo inu," anatero motsitsa mawu, "mpaka mwendo womwe?"

Tsiku lomwelo Pindani anaswa dothi la pankhokwe, ndipo anthu anadzala nthaka ikali yonyowa. Nakwenda sakanatha kugwira khasu ndi manja amenewo, choncho anzake anamudzalira munda wonse. Chimanga chinabereka. Kuchokera chaka chimenecho, maliro akagwa pamudzipo khasu linkagona, mtondo unkagona, nyundo inkagona, koma chimwala cha Kathambo ankachikweza ndithu, ngakhale akulira. Ndipo dzuwa likamalowa, pachulu paja pankadzaza anthu, manja pamphumi, Nakwenda ali pakati akuwalozera.

Phunziro lake nali, inu amene muli tonse. Chopangidwa ndi manja, ngakhale chizizwitse chotani, chimangotsanzira; mukachikonda, musaiwale kuyang'ana chimene chikutsanziracho. Ndipo lirani wanu mmene mungathere, pakuti kulira n'koyenera, koma dziwani kuti thambo silikhala nanu pasiwa.

Chimwala cha nthano yanga chagunda pansi. Kaphuleni mbatata zanu zingapserere, ndipo potuluka panjapo mukweze mitu.