Makapu Asanu ndi Awiri a Sungeni

Kalekale, koma osati kale loti anthu n'kuiwala, ku Dowa kunali mmisiri wa matabwa dzina lake Kamtedza. Mwana wake woyamba, mnyamata dzina lake Sungeni, anasankhidwa kupita ku koleji. Patangotha masabata atatu, Kamtedza analandira foni yoti akatenge mtembo.

Atafika, akuluakulu a koleji anamukhazika m'chipinda n'kumufotokozera. Sungeni anafuna kulowa gulu la ophunzira lotchedwa Amikango, lomwe linkathandizana pa maphunziro ngakhale pofuna ntchito. Wolowa kumene ankayenera kumwa makapu asanu ndi awiri a mowa. Koma lamulo la koleji linkati gulu lopezeka ndi mowa lithetsedwe ndipo mamembala onse achotsedwe sukulu. Choncho mwambowo unachitika mobisa, Loweruka masana, m'nyumba ya lendi kuseri kwa msika.

"Ndikufuna ndiwaone anawo," anatero Kamtedza. Anamubweretsera atatu.

Woyamba anali Ganizani, wapampando wa gululo. Iyeyu ndiye anagula mowawo. Poopa kuti mabotolo a m'sitolo aonekera, anakagula kachasu kwa munthu wosamudziwa n'kuthira m'zigubu za madzi. Sanalawe, sanafunsenso kuti munasakanizidwa chiyani.

"Kugula ndinagula, bambo," anatero atazyolika, "koma sindinamwetse munthu. Nthawi imene ankamwa n'kuti ine ndili panja."

Wachiwiri anali Chikaiko, amene ankathira ndi kuwerenga makapu. Pa kapu yachinayi Sungeni anati, "Akulu, ine sindinamwepo chibadwire, basi ndalephera." Chikaiko anaseka n'kuyambitsa nyimbo, ena onse n'kumawomba m'manja mpaka mnyamatayo anatsiriza.

"Tonse tinadutsa momwemo," anatero Chikaiko, misozi ili chuchuchu. "Sindinamugwire pakamwa. Kapu ankanyamula yekha."

Wachitatu anali Lekeleni, mtsikana wophunzira unamwino, amene sanakhudze n'komwe mowawo. Sungeni atagwa, iye ndiye anamugoneka cham'mbali n'kumupukuta masanzi. Anaona milomo ikuda, kupuma kukupereweza, ndipo anadziwa tanthauzo lake. Chipatala cha koleji chinali pafupi, poyenda pansi. Koma kumeneko akanafunsa kumene wamwera, ndipo mamembala onse makumi anayi akanabwerera kwawo chimanjamanja. Anadikira maola awiri, akuti mwina atsitsimuka. Pamene anaitana njinga yamoto n'kuti thupi litayamba kuzizira.

"Enawo anathawa, bambo. Ndinatsala naye ndine ndekha," anatero Lekeleni. "Anamwalira mutu uli pamiyendo panga."

Kenako Kamtedza anatembenukira kwa mkulu woona za ophunzira, amene analemba lamulo lija.

"Nanga inu achikulire, simunkadziwa kuti ana amamwa?"

Mkuluyo anavula magalasi. "Tinkamva mphekesera. Koma lamulo tinalikhwimitsa dala kuti tiwateteze. Ndiponso zachitikira kunja kwa mpanda wathu."

"Dokotala akuti mwana wanga akanafika msanga kuchipatala akanachira. Mtsikanayu akanabwera naye wamoyo, mukanawachotsa onse?"

"Lamulo likutero, bambo."

Kamtedza anakwera kumbuyo kwa galimoto, pambali pa bokosi. Njira yonse mutu unali balala. Akaganiza za Ganizani, mtima unkati wogula chiphe ndiye mfiti. Akakumbukira Chikaiko, unkati ayi, mwana anapempha kuti aleke koma uyu anamuseka. Za Lekeleni ankalephera kupsa mtima, komabe mwa onsewo ndi iye yekha amene ankadziwa kuti imeneyi ndi imfa. Nanga mkulu uja, amene anachititsa kuti ana aziopa chipatala kuposa manda? Ndipo panali dzina lina limene sankafuna n'komwe kulitchula: la mwana wake, amene ananyamula kapu ndi dzanja lake.

Galimoto itaima pakhomo, mkazi wake anatuluka ali wogwiriziridwa ndi amayi awiri. Sanayang'ane bokosi. Anagwira malaya a mwamuna wake.

"Bambo a Sungeni, musandiuze zambiri. Ndiuzeni dzina limodzi. Wandiphera mwana ndani?"



Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, muthandizeni bamboyu, pakuti mayi akudikira yankho. Atchule dzina la yani?