Njira Imene Inamera Tsekera

Panali mayi wina wapakati, ndipo mwezi wake unali utayandikira. Anafuna kuchirira pakhomo, m'nyumba momwe anabadwira iye. Kukonzeka ndiye anakonzeka, tisamunamizire. Zitenje zinayi anachapa n'kupinda. Lezala latsopano, ulusi womangira mchombo, sopo, zonse anaika m'dengu pansi pa bedi. Nyumba anazira, azamba anawauza.

Koma kuseri kwa nyumbayo kunali njira yopita kwa mkulu wake, ndipo inali itamera tsekera. Zaka ziwiri osalankhulana. Nkhani yake? Mbuzi inadya chinangwa. Mbuzi, abale anga! Chonsecho m'mudzi monsemo ngolo inali imodzi yokha, ya mkulu wakeyo, ndipo podutsa pake panali pomwepo.

Tsiku lina masana anawodzera patsinde pa mango akutong'ola chimanga. Analota mlendo akubwera, paja khanda timalitcha mlendo. Kanali kamunthu kakang'ono, mapazi ali mame okhaokha, kakutsika kumapiri pang'onopang'ono. Agulugufe anali patsogolo. Kanawoloka dambo, madzi osagwedezeka. Katafika pa tsekera paja kanaima, kanasuzumira uku ndi uku, kenako kanatembenuka n'kuyamba kubwerera. Mayiyo anayesa kukaitana, mawu osatuluka.

Anadzidzimuka ali ndi mantha aakulu. Sanauze munthu. Anatenga khasu, mimba ili patsogolo, n'kuyamba kulambula njira ija. Kulima pang'ono, kupuma, kulima pang'ono. Mkulu wake anamuona ali pakhonde.

"Iwe, wapenga? Ndi mimba imeneyo?"

"Ndikulambulira mlendo, achemwali."

Mkuluyo analowa m'nyumba, natuluka ndi khasu lake, nayambira mbali yake. Anakumana pakati, onse ali thukuta kamukamu, ndipo za mbuzi sanazitchule.

Tsiku lija linafika. Matenda anayamba m'mawa, dzuwa n'kufika pamutu mwana osabwera. Azamba anapukusa mutu nati, "Izi si zapakhomo. Kuchipatala, msanga!" Lezala linali m'dengu, ulusi unali m'dengu, koma dengu silinyamula munthu. Ngolo inatulukira njira yomwe ija, mkulu wake ali pamwamba akukalipira ng'ombe. Madzulo ake mlendo analira kuchipatala, ndipo woyamba kumufukata m'chitenje anali mkulu wake uja.

Tsono inu amene mukupinda zitenje, pindani, n'zabwino. Koma mukachoka pano mukazungulire kuseri kwa nyumba yanu. Mukaone njira imene mwaileka kuti imere, mukumbukenso amene ali kumapeto kwake. Musandiyang'ane choncho, mukumudziwa. Ndipo musadikire maloto, si onse amalota. Khasu lili pakhonde, ndipo mlendo sanena tsiku.